Woimba Ng'oma wa Makina Osema: Mafunso ndi Mayankho

Mwana wa mlongo wanga, amene anakhala zaka zisanu ku Johannesburg akugwira ntchito ya ukalipentala, pobwerera kwathu kuno ku Phalombe sanatenge wailesi kapena njinga monga ankachitira makolo athu pochoka ku migodi ya ku Joni, koma anatsitsa m'basi mabokosi atatu odzaza ndi zitsulo, mawaya ndi timamota, zimene atazilumikiza m'shedi yake kufupi ndi msika wa Migowi zinasanduka makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta, amene amisiri amawatcha CNC. Popeza ine ndakalambira pa ntchito ya magetsi, iye anayesa kuti amalume ake sangasowe yankho pa chilichonse choyenda ndi waya. Chotero kwa masiku ambiri, dzuwa likapendeka ndipo phiri la Michesi likayamba kuda, ankabwera pakhonde panga ndi mafunso, ena amene ndinawayankha pomwepo, ena amene anandigoneka mochedwa ndikusanthula mabuku. Ndawalemba pano monga anawafunsira, kuti mnyamata wina wa ku Chiringa kapena ku Nkhulambe amene adzakumana ndi zomwezi asadzayambire pamene ife tinayambira, pakuti safunsa anadya phula.

Amalume, ndinasema dzina la golosale pa thabwa la mlombwa. Zilembo zoyamba zinatuluka bwino, koma zomaliza zinakwerana, chonsecho kompyuta ikuti zonse zili bwino. Walakwa ndani?

Thabwalo ndinaliona ndi maso anga, mphwanga, ndipo mtima unandiwawa, chifukwa mlombwa wouma bwino suoneka wamba masiku ano: zilembo zinayi zoyamba zinaima chilili ndi m'mphepete mwake mosalala, koma kuyambira pa chachisanu mzere uliwonse umene mpeni unadula unasendera kumanzere pang'ono kuposa unzake, kufikira chilembo chotsiriza chinatsamira pa chinzake ngati khoma lodyedwa ndi madzi. Ukanena kuti kompyuta ikuti zonse zili bwino sukunama, ndipo nayonso kompyutayo sikunama. Chimene ikunena n'chakuti inatuma mau onse amene inayenera kutuma, koma ngati mauwo anamveka kumene anapita, iyo sidziwa.

Mota zimene zili pa makina ako n'zosiyana ndi ya pachigayo. Ya pachigayo ukaipatsa magetsi imangozungulira osaleka kufikira utaizimitsa. Koma iyi, imene amisiri amaitcha stepper, imayenda modukiza, sitepe imodzi pa nthawi, ndipo zambiri mwa mota za mtundu umenewu zimaponda masitepe 200 kuti zizungulire kamodzi, ndiko kuti sitepe iliyonse ndi madigiri 1.8. Pakati pa kompyuta ndi mota pali kabokosi kotchedwa driver, kamene kamalandira uthenga pa mawaya awiri: wina, wolembedwa DIR, amanena mbali yolowera, kutsogolo kapena kumbuyo, wina, wolembedwa STEP, ndiye amalamula kuti ponda. Magetsi akakwera pa waya wa STEP kufika pa mavoti 5 ndi kutsikanso, kumeneko ndiko kugunda kumodzi, ndipo mota imasuntha sitepe imodzi. Tsono mota imeneyi sibweza mau. Ili ngati munthu amene wamutuma usiku kuti ayende mapazi zana limodzi iwe ukumuwerengera uli m'nyumba. Akakhumudwa pa chitsa n'kuperewera mapazi atatu, iwe umawerengabe mpaka zana, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene ungamuuze chidzachitikira pa malo olakwika. Amisiri amati makina ataya masitepe, ndipo ndi zimene zinaononga thabwa lako.

Kodi kugunda kumeneku kumafunika kangati?

Tenga pensulo tiwerenge pamodzi. Driver wako unamutchera kuti sitepe iliyonse aigawe m'timagawo 16, kuti mota iziyenda mosalala ndi mopanda phokoso. Motero kuzungulira kamodzi kumafuna kugunda ka 3,200. Chitsulo cha mazinga chimene mota imazunguza chimasuntha mpeni mamilimita 5 pa kuzungulira kamodzi, ndiye kuti milimita imodzi yokha imadya kugunda ka 640. Kuti mpeni uyende utali wa chitseko cha mamita awiri, pafunika kugunda ka 1,280,000. Ndipo ukafuna kuti uziyenda mamilimita 50 pa sekondi, liwiro limene kwa makina osema matabwa silodabwitsa konse, waya wa STEP uyenera kugunda ka 32,000 pa sekondi iliyonse. Pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake pamangodutsa timagawo 31 mwa timagawo 1,000,000 ta sekondi. Imeneyi ndi mota imodzi. Makina ako ali nazo zitatu, ya m'litali, ya m'mimba ndi yokweza ndi kutsitsa mpeni, ndipo posema chilembo chokhota monga S zonse ziyenera kuyendera limodzi, ina ikuwonjeza liwiro pamene inzake ikuchepetsa.

Koma amalume, kompyuta amati imawerenga zinthu mamiliyoni ambirimbiri pa sekondi. Ingalephere bwanji 32,000?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndifuna uimve bwino, chifukwa ambiri amasokoneza kufulumira ndi kusunga nthawi, pamene zili zinthu ziwiri zosiyana. Unawaonapo amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi, munsi wina ukutsika pamene wina ukukwera ndipo wachitatu uli m'mwamba kudikira mpata wake. Chimene chimachititsa kuti ntchito imeneyo itheke si mphamvu za amayiwo, kapena kufulumira kwa manja awo, koma kuti aliyense amatsitsa munsi wake pa kamphindi kake kenikeni, osati patsogolo pake, osati pambuyo pake. Mmodzi akangocheuka chifukwa mwana walira kuseri kwa nkhokwe, nachedwa pang'ono pokha, ndiyeno nafuna kubweza nthawi yotayikayo pomenya kawiri mofulumira, minsi imawombana ndipo chimanga chimamwazika pabwalo, ngakhale kuti tikawerenga kumenya konse chiwerengero chingakhale chokwana.

Kompyuta ya Windows, kapena ya Linux wamba, ndi mayi amene ali ndi ana ambiri. Ikuyang'anira chithunzi cha pa sikirini, ikumvetsera batani limene wadina, ikulemba ndi kuwerenga m'diski, ikufunsa ngati pali intaneti, ikuyeza kutentha kwa thupi lake. Ndipo ntchito iliyonse mwa zimenezi ikhoza kuiitana nthawi ina iliyonse, n'kuichedwetsa timagawo 100 kapena 1,000 ta sekondi tija. Kwa munthu wolemba kalata kuchedwa kotere sikuoneka m'pang'ono pomwe. Koma mota imene ikuthamanga ili ndi kulemera kwake ndi kwa zonse zimene ikukoka, ndipo siingaime ndi kunyamukanso m'kuphethira kwa diso. Kugunda kukadukiza mwadzidzidzi, kenaka n'kubwera kothithikana, maginito a m'kati amasiya kugwirana ndi mano a chitsulo chozungulira, mota imalira mokukuta n'kuima, pamene kompyuta ikupitiriza kuwerenga. Onjezapo ichi, kuti mphamvu ya mota ya stepper imachepa liwiro likamakula, kotero kuti pamene kugunda kuli kofulumira kwambiri ndi pomwenso mota ili yofooka, yosatha kupirira chisokonezo. Phokoso lokukuta lija unandiuza kuti unalimva mpeni uli pa chilembo chachisanu, linali limenelo.

Nanga amene anayamba makina amenewa ankatani?

Makina oyamba odula zitsulo motsata manambala anaonetsedwa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America m'chaka cha 1952, potsatira maganizo a John Parsons amene ankapanga ziwiya za ndege, ndipo malamulo ake ankawerengedwa pa riboni yoboolaboola. Chowongolera chake chinali makabati akuluakulu amene ntchito yake inali imodzi yokhayo, ndipo mtengo wake unali wa maboma ndi makampani aakulu. Chimene chinatsitsa luso limeneli kufika m'manja mwa mmisiri wamba ndi kabowo ka mapini 25 kamene kanali kumbuyo kwa makompyuta akale, kolumikizirapo makina osindikizira, kotchedwa parallel port. Anthu anzeru anazindikira kuti mapini ena a kabowoko angathe kuyatsidwa ndi kuzimitsidwa paokhapaokha, ndipo anati: bwanji kompyuta yomweyo isamagunde yokha? M'zaka za m'ma 1990 bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, linalemba pulogalamu yotchedwa EMC, imene lero ikudziwika ndi dzina la LinuxCNC ndipo imaperekedwa kwaulere. Ndipo Art Fenerty wa ku Canada analemba Mach3, imene uli nayo iwe, yoyenda pa Windows.

Mapulogalamu awiriwa amakakamiza kompyuta kusiya zonse n'kuthamangira ku mtondo pa nthawi zoikika. Mach3 imachita zimenezi ka 25,000 pa sekondi, ndipo ingakwezedwe mpaka ka 100,000 ngati kompyuta ingapirire. LinuxCNC imagwiritsa ntchito Linux yokonzedwa mwapadera kuti ntchito yogunda izikhala patsogolo pa zina zonse. Njira imeneyi yagwira ntchito m'mashedi osawerengeka pa dziko lapansi, ndipo sindiinyoza. Koma ili ndi chilema chimene sichichoka. Tiyerekeze kuti kompyuta imadzuka pakapita timagawo 25 tilitonse: ingathe kugunda pa kudzuka kulikonse, ndiko ka 40,000 pa sekondi, kapena kulumpha kumodzi, ndiko ka 20,000, koma ukaipempha ka 32,000, imene ili pakati, ilibe kuchitira mwina koma kusakaniza mipata yaifupi ndi yaitali, mwina 25, mwina 50, kotero kuti ngakhale pa tsiku limene palibe mwana wolira, kusinja kwake kumakhala kotsimphina. Iwe tsono unachita zoposa pamenepo, pakuti unapempha ka 32,000 kwa Mach3 imene inali pa 25,000, ndipo pamene unaona kuti makina sakufika pa liwiro limene unkafuna unakweza nambala ija osafunsa ngati kompyuta yako yakaleyo ingakwanitse. Mankhwala ake ndi kupereka ntchito yogundayo kwa kabolodi kapadera.

Ndiye kabolodi kapadera kamene mukunenaka kamachita chiyani chimene kompyuta singachite?

Kamaimba ng'oma, basi. Pa gule wa tchopa, amene ife Alhomwe timanyadira, wotsogolera nyimbo angathe kuyang'ana uku ndi uko, kulandira mlendo, kukonza mzere wa ovina, ngakhale kukhosomola. Koma woimba ng'oma sapatsidwa ntchito ina, maso ake ndi manja ake zili pa chikopa, ndipo ndi chifukwa chake mapazi a anthu makumi asanu amagwa pansi ngati phazi limodzi. Kabolodi kameneka kali ndi wotchi yakeyake, kamwala ka kristalo kogunda mamiliyoni ambiri pa sekondi mosasintha, ndipo kalibe sikirini yoyang'anira kapena diski yolembamo. Kompyuta imatsala ndi ntchito imene imaidziwa bwino, yoganiza njira ya mpeni ndi kukuonetsa chithunzi, ndipo kugunda kumachokera kwa amene alibe china chomucheutsa. Popeza wotchi yake ndi yofulumira chotero, ingagawe nthawi mosalala: ikafunsidwa ka 32,000 imapereka mipata yofanana ndithu, ndipo khutu lenilenilo limamva kusiyana kwake, pakuti mota imene inkalira mokhadzula imayamba kuimba ndi liwu limodzi loyera, lokwera ndi kutsika monga mluzu.

Timabolodi timeneti tili m'magulu, ndipo kusiyana kwake kwagona pa funso lakuti nzeru zatsalira kuti. Pali kamene kamatenga ntchito yonse: Arduino Uno, kabolodi kochokera ku Italy kokwana m'chikhato, ukaikamo pulogalamu ya GRBL imene Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anayamba kulemba cha m'ma 2009, kamalandira mizere ya malamulo a G-code, n'kumadziwerengera kokha ponyamuka, pothamanga ndi poima, ndipo kamagunda mosadukiza mpaka ka 30,000 pa sekondi pa mota zitatu. Pali tina, monga SmoothStepper ya kampani ya Warp9 ndi UC100 ya ku Hungary, timene timagwira ntchito ndi Mach3: kompyuta imaganiza ulendo n'kutumiza patsogolo, kabolodi n'kusunga m'nkhokwe yake uthenga wa kamphindi kakubwerako, kotero kuti kompyuta ikachedwa pang'ono, ng'oma imalirabe ndi za m'nkhokwe, ndipo SmoothStepper imafika ka 4,000,000 pa sekondi. Ndipo pali makhadi a kampani ya Mesa Electronics ya ku California, monga 7i92 ndi 7i96, okondedwa ndi anthu a LinuxCNC, amene machitidwe ake ine amandikondweretsa koposa: ka 1,000 pa sekondi kompyuta imauza khadi liwiro limene mota iliyonse iyenera kuyendera, khadi n'kugunda mogwirizana ndi liwirolo, n'kubweza chiwerengero cha masitepe amene latulutsa, kuti kompyuta ikonze lamulo lotsatira. Kudzuka ka 1,000 pa sekondi n'kopepuka kwa kompyuta poyerekeza ndi ka 40,000. Potsiriza pali zowongolera zosafuna kompyuta konse, monga RichAuto imene imabwera ndi makina ambiri a ku China, zimene umangolowetsamo fulashi yokhala ndi chojambula chako. M'shedi ya utuchi wambiri zimenezi zili ndi ubwino wake woonekeratu.

Ku Limbe ndinaona waya wa USB mbali imodzi, mbali inayo mapini 25. Kodi umenewo sungathandize pa laputopu?

Usataye ndalama zako. Waya umenewo anaupangira makina osindikizira, ndipo umatumiza zilembo m'mitolo pa nthawi imene USB yalola. Sungayatse pini imodzi pa kamphindi kamene pulogalamu yafuna. UC100 ija imaoneka ngati waya womwewo, koma m'chigoba chake muli woimba ng'oma, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake uli wosiyana kutalitali. Dziwanso kuti Mach3 imagunda pa parallel port pa Windows ya 32-bit yokha, ndiponso kuti laputopu, chifukwa chakuti imasinthasintha liwiro lake posunga batire, ndiyo yosadalirika koposa pa ntchito yogunda yokha.

Pakati pa kabolodi ka USB ndi ka Ethernet, kabwino n'kati kwathu kuno?

Funso ili uliyankhe utayang'ana anansi ako. Kuseri kwa shedi yako kuli mnyamata wowotcherera mafelemu a mawindo, patsidya pa msewu pali chigayo, ndipo nonse mukuyamwa pa thiransifoma imodzi. Nthawi iliyonse imene ndodo yowotcherera ikhudza chitsulo, kapena mota ya chigayo inyamuka, m'mawaya ndi mumlengalenga mumadutsa chisokonezo cha magetsi chimene diso siliona, koma waya wa mavoti 5 amachimva ngati kugunda kwenikweni. Ngakhale mota yozunguza mpeni pa makina ako omwewo imatulutsa chisokonezo chotere. USB ndi yofooka pamenepa: waya wake sayenera kupitirira mamita 5, amalumikiza nthaka ya kompyuta ndi ya makina mwachindunji, ndipo akasokonezeka kulumikizana kumaduka ntchito ili pakati. Ethernet, waya wa netiweki uja, ali ndi timathiransifoma ting'onoting'ono kumapeto onse awiri timene timalekanitsa magetsi a mbali ziwirizo, ndipo angayende mamita 100. Motero kompyuta ingakhale m'chipinda china, kutali ndi fumbi. LinuxCNC siilola n'komwe USB pa ntchito yoyendetsa mota.

Komabe ndaona anthu akuimba mlandu kabolodi pamene wolakwa ndi mayalidwe a mawaya. Mawaya a uthenga asagone m'ngalande imodzi ndi a mphamvu. Akhale opotana awiriawiri kapena okutidwa ndi ukonde wachitsulo wolumikizidwa ku nthaka mbali imodzi. Thupi la makina likhale ndi ndodo yake ya mkuwa yokhomedwa pansi pa malo a chinyezi. Ndipo pakati pa kabolodi ndi zonse zakunja pakhale tizipangizo totchedwa optocoupler, timene timaolotsa uthenga ndi kuwala m'malo mwa waya, kuti ngozi ya mbali imodzi isaolokere ku inzake. Za mphezi sindikuuza zachilendo, iwe wobadwira m'tsinde mwa Mulanje: mitambo ikaunjikana pa Michesi m'miyezi ya dzinja, zula mapulagi onse kukhoma, ndi waya wa netiweki womwe, pakuti swichi yozimitsa siimitsa mphezi. Ine ndinataya wailesi ya galamafoni imene ndinaisunga zaka makumi awiri chifukwa cha ulesi wa usiku umodzi, ndipo fungo la waya wopsa lija ndikulikumbukabe.

Magetsi akathima ntchito ili pakati, kabolodi kangakumbuke pamene kanalekera?

Sikangakumbuke, ndipo ngakhale kakanakumbuka chiwerengero, mota zikatha mphamvu zimamasuka, mpeni ungatsike wokha kapena kusendera, ndipo chiwerengerocho sichigwirizananso ndi pamene mpeni uli. Tonse tikukumbuka m'mene zinalili namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130, pamene magetsi ankathima maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa mapolo ndi milatho m'boma lathu lino. Wogula makina otere kuno ayenera kuwerengera kuthima kwa magetsi monga mlimi amawerengera ng'amba. Mankhwala ake ndi timaswichi titatu totchipa, toikidwa kumapeto kwa njira ya mota iliyonse, kumene makina amapita kukagunda poyamba ntchito kuti adziwe kwawo. Ukalemba m'kope mtunda wochoka pamenepo kufika pa ngodya ya thabwa, ndi nambala ya mzere wa G-code umene unali kuyenda, magetsi akabwera umatuma makina kwawo, n'kuyambiranso pafupi ndi pamene analekera. Kabatire ka UPS kodyetsa kompyuta ndi kabolodi kwa mphindi zochepa kamakupatsa mpata woona nambala ija ndi kutseka bwino. Ine ndikanakhala ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha, pakati pa khadi lodula ndi timaswichi timeneti, ndikanayamba ndi timaswichi.

Tsono ndigule kati, amalume?

Ukaona manambala aja, 30,000 uku, 4,000,000 uko, mtima umathamangira ku chachikulu, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Driver wako sangalandire kugunda mamiliyoni, mota zako sizingathamange chotero, ndipo thabwa silifuna zimenezo. Bwerera ku masamu athu aja: ukatchera driver kuti azigawa sitepe m'timagawo 8 m'malo mwa 16, milimita imodzi idzafuna kugunda ka 320, ndipo liwiro lomwe lija la mamilimita 50 pa sekondi lidzafuna ka 16,000 kokha, kamene Arduino imakwanitsa ili ndi mpata wotsala, ndipo gawo limodzi mwa magawo 320 a milimita ndi laling'ono kwambiri kuposa m'mene thabwa lenilenilo limafufumira mvula ikagwa. Kwa ntchito yako ya zikwangwani, maluwa a pa zitseko, mitu ya mabedi ndi mitanda, kabolodi kakang'onoko n'kokwana. Tsiku limene udzafune kudula mazinga pa chitsulo, pamene mpeni uyenera kutsata kuzungulira kwa chitsulocho mosaphonya, kapena kuika mota zobweza mau zonena pamene zafika, pamenepo udzafune LinuxCNC ndi khadi la Mesa, ndipo ndalama zake zidzakhala zoyenera.

Chimene chimandilemera mumtima ndi china. Kabolodi kakapsa ku Johannesburg, umakwera minibasi n'kukagula kena tsiku lomwelo. Kakapsa ku Migowi, uyenera kuitanitsa kunja, kusaka ndalama zakunja zimene n'zosowa, kulipira msonkho, ndi kudikira masabata ambiri makasitomala akubwerera pakhomo. Chifukwa chake ndimati fodya wako ndi amene ali pamphuno: sankha kabolodi kamene ungagule tiwiri, kena n'kusunga m'kabati m'pepala lake, kamene mapulani ake ndi pulogalamu yake zili poyera kwa aliyense, kamene wophunzira zamagetsi wa ku MUBAS ku Blantyre kapena wa ku MUST ku Thyolo angakatsegule n'kukamvetsa. Lemba m'kope manambala onse amene watchera, masitepe pa milimita, liwiro, kanyamukidwe, pini iliyonse ndi waya wake, kuti nzeru za makina ako zisakhale m'mutu mwako mokha. Ndipo ndikanakonda kuti a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa aziika m'manja mwa wophunzira ukalipentala aliyense mota imodzi, driver mmodzi ndi kabolodi kamodzi, kuti amve ndi khutu lake kusiyana kwa kugunda koyera ndi kotsimphina; pakuti boma lathu, limene madzi a napolo analisesa mu 1991 ndipo analisesanso mu 2023, likufuna zitseko, mawindo ndi madesiki ambiri, ndipo n'kwabwino kuti opanga ake ndi okonza makina awo akhale ana a konkuno.

Ndidzadziwa bwanji kuti vuto latha, ndisanaononge thabwa lina?

Usayese pa mlombwa. Chotsa mpeni, umange pensulo yosongoka m'malo mwake, uyale pepala pa tebulo la makina, ndipo utsitse pensulo ilembe kadontho kamodzi. Kenaka lemba malamulo ochepa otuma makina kupita kumapeto ndi kubwerera ka 100, pa liwiro lalikulu limene ufuna kumagwirira ntchito, mota yozunguza mpeni ili yoyaka, ndipo ngati n'kotheka mnansi wako akuwotcherera. Potsiriza pensulo itsikenso. Ikagwa pa kadontho komweko, palibe sitepe yatayika. Ikaphonya, chepetsa kanyamukidwe poyamba, chifukwa mota ili ngati wakabaza wonyamula matumba awiri a nandolo, amene sangayambe ndi liwiro la pamtsetse koma amayamba mwapang'onopang'ono. Ikaphonyabe, chepetsa liwiro, ndipo ukapeza pamene yaleka kuphonya, utsikenso pang'ono kuti pakhale mpata wa tsiku limene njanji za makina zadzaza utuchi. Kuphonya kumene kumakula mofanana pa ulendo uliwonse, kaya makina akuthamanga kaya akuyenda pang'onopang'ono, kawirikawiri kumaloza ku waya wa DIR, kuti akusintha mochedwa kapena moyandikana kwambiri ndi kugunda, kotero kuti sitepe imodzi imapita kolakwika pa kutembenuka kulikonse. Kuphonya kosadziwika nthawi yake kumaloza ku chisokonezo cha magetsi kapena ku kabawuti komasuka pa cholumikizira mota ndi chitsulo cha mazinga.

Tinachita zimenezi Loweruka lina masana, Arduino itamangidwa m'kabokosi ka pulasitiki pakhoma, waya wa USB titaufupikitsa kufika mita imodzi, driver ali pa timagawo 8. Makina anapita ndi kubwera kwa mphindi khumi ndi zisanu, ana a pamsika atadzaza pazenera, ndipo pensulo itatsika tinawerama tonse awiri, ine nditavala magalasi anga owerengera, kufunafuna kadontho kachiwiri pa pepalalo, koma sitinakapeze. Thabwa la mlombwa lija mphwanga analitembenuza, nalipala ndi puleni, nasema dzina la golosale kumbuyo kwake. Lapachikidwa pamwamba pa khomo m'mbali mwa msewu wopita ku Chiringa, zilembo zokwerana zija zitayang'ana kukhoma.